Kalumo ka Mlendo N'kakuthwa, Koma Sikamanga Nyumba

Pa 9 April 2015 chiboliboli cha Cecil Rhodes chinachotsedwa pamalo pake pa yunivesite ya Cape Town, ophunzira akuimba ndi kuvina. Chinali chiboliboli chabe, chosayenda ndi chosamenya munthu. Koma ophunzirawo anaumirira kuti chinkalankhula tsiku ndi tsiku, chikuuza mwana aliyense wa munthu wakuda wodutsa pamenepo kuti nyumba ya maphunziroyo ili ndi eni ake. Maganizo otere, akuti chiboliboli, buku la kusukulu, nyimbo ya pawailesi ngakhalenso mawu a dokotala zimanyamula mphamvu ya ulamuliro mobisika, afala kwambiri moti ambiri amaayesa obadwa nawo. Chonsecho ali ndi makolo awo. Ena mwa makolowo ndi anthu akuda monga Frantz Fanon ndi Steve Biko, koma ambiri ndi afilosofi a ku Germany, France ndi Italy, amene kaganizidwe kawo kamasiyana ndi kamene kanazika mizu m'mayunivesite a ku Britain ndi America.

Pakati pa olankhula Chichewa ndi Chinyanja amene anakumanapo ndi maganizowa, kuyambira ku Lilongwe ndi Chipata mpaka ku Tete, Harare ndi Johannesburg, nkhaniyi imagawa anthu pawiri. Ena amati zonsezi ndi nzeru za azungu, zolembedwa m'zilankhulo zawo pofuna kuthetsa mavuto awo, ndipo mwana wa Mchewa alibe nazo gawo. Ena anazimeza zamphumphu, moti pakamwa pawo pamangotuluka funso limodzi lokha: kodi akupindula ndani? Mbali zonse ziwiri zikuphonya. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka afilosofi amenewa n'kakuthwadi. Koma kalumo ntchito yake ndi kumeta. Sikadula nsichi, sikafolera denga. Maphunziro a chikhalidwe a masiku ano anatenga kwa afilosofiwo luso la kukayikira n'kusiya luso la kumvetsera, pamene maluso awiriwa anabadwira m'nyumba imodzi.

Amene anatchula luso loyambalo ndi dzina anali Paul Ricoeur wa ku France. M'buku lake la mu 1965 lonena za Freud, iye anasonkhanitsa Karl Marx, Friedrich Nietzsche ndi Sigmund Freud monga aphunzitsi atatu a kukayikira. Marx anaphunzitsa kuti malamulo ndi zikhulupiriro zolamulira m'dziko kawirikawiri zimateteza eni chuma. Nietzsche, m'buku lake la mu 1887, anaonetsa kuti mawu akuti chabwino ndi choipa ali ndi mbiri, ndipo mbiriyo ndi ya kulimbana pakati pa amphamvu ndi ofooka. Freud anati munthu sadziwa zonse zimene zimamuyendetsa, ndipo chifukwa chimene amapereka pakamwa sichikhala nthawi zonse chimene chili mumtima. Atatuwa anasiyana pa zambiri, koma anagwirizana pa chimodzi: zooneka pamwamba n'chophimba, ndipo ntchito ya woganiza ndi kuvundukula.

Luso limeneli linalowa m'nkhani za chikhalidwe kudzera m'makomo angapo. Theodor Adorno ndi Max Horkheimer, atathawa ulamuliro wa Hitler n'kukakhala ku California, anaona mafilimu, wailesi ndi nyimbo za msika zikupangidwa ngati katundu wa m'fakitale. M'buku lawo losindikizidwa ku Amsterdam mu 1947 anati zosangalatsa zoterezi zimagoneka anthu tulo, kuti akadzuka abwerere kuntchito osafunsa kanthu. Antonio Gramsci, amene boma la Mussolini linamumanga mu 1926, analemba ali m'ndende kuti wolamulira sadalira mfuti yokha. Amadaliranso kuti olamulidwa avomereze okha, kudzera m'sukulu, m'tchalitchi ndi m'nyuzipepala, kuti mmene zinthu zilili ndi mmene ziyenera kukhalira. Maganizo a Gramsci ndi amene anapatsa mphamvu Stuart Hall, wobadwira ku Kingston m'dziko la Jamaica, amene anatsogolera malo ofufuza za chikhalidwe otsegulidwa ku Birmingham mu 1964. Hall sanavomereze kuti oonera wailesi yakanema ndi nkhosa. Anati uthenga umene wofalitsa amatumiza ndi umene womvera amalandira sizikhala zofanana nthawi zonse: womvera akhoza kuulandira, kuukonza, kapena kuukana.

Khomo lalikulu kuposa onse linali Michel Foucault. M'mabuku ake onena za misala mu 1961 ndi za ndende mu 1975, iye anaonetsa kuti mphamvu ndi chidziwitso zimayendera limodzi. Dokotala, woweruza ndi mphunzitsi akamaika anthu m'magulu, uyu wabwinobwino, uyu wopenga, uyu wopulupudza, amakhala akupanga mtundu wa munthu amene pambuyo pake adzamuyang'anira. Edward Said anatenga mfundo imeneyi mu 1978 n'kuonetsa mmene olemba a ku Ulaya anaumbira chithunzi cha Aluya ndi anthu ena a kummawa, chithunzi chimene chinathandiza kuwalamulira. Patapita zaka khumi, mu 1988, V. Y. Mudimbe wa ku Congo anachita chimodzimodzi ndi Africa. Anaonetsa kuti zolemba za amishoni, oyendera maiko ndi akatswiri a mitundu ya anthu zinamanga nkhokwe ya mawu, ndipo ngakhale munthu wakuda wofuna kutsutsa atsamunda amapezeka akutapa m'nkhokwe yomweyo.

Wofuna kuona ubwino wa kalumo kameneka asapite kutali. Apite ku Zomba. Malo osungirako odwala misala kumeneko anayamba mu 1910 ngati mbali ya ndende. Megan Vaughan, katswiri wa mbiri yakale amene anafufuza zolemba za malowo ndipo pambuyo pake anatulutsa buku la Curing Their Ills mu 1991, anaonetsa mmene madokotala a nthawi ya atsamunda ankafotokozera misala ya munthu wakuda. Ambiri ankakhulupirira kuti munthu wakuda amasokonezeka mutu akachoka pamudzi, akaphunzira sukulu, akayamba kukhala ngati mzungu. Mawuwo ankamveka ngati a chipatala, koma pansi pake panali chiphunzitso cha ndale: malo a munthu wakuda ndi kumudzi, pansi pa mfumu yake, ndipo kulakalaka zoposa pamenepo ndi matenda. Popanda luso la kukayikira, wowerenga zolembazo lero akanangoziyesa sayansi yakale yolakwika pang'ono.

Koma Vaughan sanameze Foucault wamphumphu, ndipo apa ndi pamene pali phunziro. Foucault anafotokoza boma la ku Ulaya lofuna kudziwa munthu aliyense payekha, kumulemba m'kaundula, kumuumba kuti azidziyang'anira yekha. Boma la atsamunda linalibe ndalama ngakhale chidwi chochitira zimenezo. Odwala misala otsekeredwa anali ochepa, ndipo atsamunda ankaona anthu m'magulu: mtundu uwu ngwaulesi, uwu ngwankhondo, uwu umadwala nthenda yakuti. Kwa iwo munthu wakuda anali kale wosiyana asanapenge n'komwe. Foucault mwini, ngakhale anaphunzitsa ku Tunis kuyambira 1966 mpaka 1968, sanalembe zambiri za ulamuliro wa atsamunda. Choncho Zomba inalandira nzeru za ku Paris, koma inazibwezanso zitakonzedwa. Umo ndi mmene nzeru yobwereka iyenera kugwirira ntchito.

Vuto limayamba pamene kukayikira kwasanduka chizolowezi chosafuna umboni. Jürgen Habermas, wa m'badwo wotsatira wa sukulu ya Adorno ku Frankfurt, anafunsa funso mu 1985 limene otsatira Foucault sanaliyankhebe mokhutiritsa. Ngati choonadi chilichonse ndi chida cha mphamvu, nanga wonenayo waima pati? Mawu akewo si chida cha mphamvunso? Ndipo ngati palibe muyeso wosiyanitsa ulamuliro wachilungamo ndi wankhanza, munthu angadzudzule bwanji nkhanza? Mu 2004 Bruno Latour, amene anathera zaka zambiri akuonetsa mmene asayansi amamangira mfundo zawo, anadandaula poyera kuti zida zomwezo zagwa m'manja mwa okana kusintha kwa nyengo ndi okhulupirira ziwembu zongopeka. Kalumo sikasankha mutu.

Kummwera kwa Africa kuno phunziro limeneli linagulidwa ndi miyoyo. Thabo Mbeki, ali pulezidenti wa South Africa, anakayikira zoti kachilombo ka HIV ndi kamene kamayambitsa Edzi, ndipo mu 2000 anaitana m'gulu la alangizi ake anthu okana mfundoyo. Mbeki sanali wophunzira wa Foucault, ndipo palibe amene angasenzetse afilosofi a ku Paris mlandu wake. Koma kaganizidwe kake kanali ka mtundu womwewo, ndipo kanali ndi poyambira pomveka. Azungu analidi atanena zonyoza zambiri za thupi ndi khalidwe la munthu wakuda. Makampani a mankhwala ankagulitsadi mankhwala otalikitsa moyo pa mtengo wosatheka. Boma la tsankho linalidi ndi ntchito yachinsinsi yopanga zida za poizoni ndi tizilombo, imene inakambidwa pamaso pa Truth and Reconciliation Commission mu 1998. Zonsezi zinali zoona, komabe kachilomboko kanaliponso. Ofufuza a ku Harvard anawerengera mu 2008 kuti kuchedwa kupereka mankhwala kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005.

Bungwe la Treatment Action Campaign, limene linayamba mu 1998, linaonetsa njira ina. Nalonso linkakayikira makampani a mankhwala ndipo linalimbana nawo pa nkhani ya mitengo. Koma linamvetseranso umboni wa madokotala ndi mawu a odwala amene anadzuka pamphasa atayamba kumwa mankhwala. Mu 2002 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linalamula boma kupereka nevirapine kwa amayi oyembekezera. Funso lakuti akupindula ndani ndi lofunika, koma silingalowe m'malo mwa funso lakuti kodi n'zoona. Munthu wadyera akhoza kunena zoona, ndipo woponderezedwa akhoza kulakwitsa.

Luso lachiwiri, limene maphunziro a chikhalidwe amaliiwala kawirikawiri, likupezeka m'nyumba yomweyo ya afilosofi. Hans-Georg Gadamer, m'buku lake la mu 1960, anatsutsa maganizo akuti munthu angathe kuima kunja kwa mwambo wake n'kuuweruza ngati mlendo wochokera kumwamba. Aliyense amabadwira m'chilankhulo, m'nthano ndi m'zizolowezi zimene sanasankhe, ndipo zimenezo ndi maso amene amaonera. Kumvetsa munthu wina, kapena mwambo wina, kumafuna kulola kuti mwina winayo akunena chinthu choona chimene womverayo sanachidziwe. Ricoeur nayenso, yemwe uja anatchula aphunzitsi a kukayikira, sanaimire pomwepo. Anati pali kumasulira kovundukula chinyengo ndiponso kumasulira kofuna kumva tanthauzo, ndipo woganiza wokhwima amadutsa m'kukayikira kuti akamvetsere bwino kutsidya kwake. Achewa ananena zofanana m'mawu ochepa: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndi malo abwino oyesera maluso awiriwa. Wokayikira akafika pabwalo adzaona zinthu zenizeni: mphamvu ya amuna, mphamvu ya mafumu, mantha a osalowa, ndiponso mmene andale ndi makampani okopa alendo amagwiritsira ntchito gule. Sadzakhala akunama. Koma akangoimira pamenepo, sadzamva chifukwa chimene banja loferedwa limaitanira gule pamaliro, kapena chimene amayi oimba ndi kuomba m'manja amamva m'mitima yawo. Sadzaonanso kuti gule mwiniyo ndi katswiri wa kukayikira. Chilombo chofiira nkhope chotchedwa Simoni chakhala chikuseka mzungu pabwalo kwa mibadwo, zaka zambiri Said asanalembe buku lake. Ku Mua, kumene amishoni Achikatolika anafika mu 1902 ndipo analimbana ndi nyau kwa nthawi yaitali, ndi kumenenso Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976 n'kuthera moyo wake akumvetsera ndi kulemba matanthauzo a zilombo. Adani akale anayamba kumvana pamene wina analeka kungoweruza.

Dzina la chilankhulo chimene chimalumikiza anthu a mbali zonse za malire nalonso lili ndi mbiri ya mphamvu. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress Party unasankha kuti chilankhulo chimene mabuku ambiri ankachitcha Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale cha fuko lonse; m'chaka chomwecho Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi. Ku Zambia ndi ku Mozambique dzina lakale linatsala. Wokayikira ali ndi ufulu wonse wonena kuti chisankhocho chinali cha ndale, ndipo a kumpoto kwa Malawi amene anamva kuwawa kwake sayenera kuuzidwa kuti aiwale. Koma kuchoka pamenepo n'kufika ponena kuti Uchewa ndi chinthu chongopeka ndi kulumpha dzenje lalikulu. Chopangidwa ndi anthu si chabodza. Nyumba imamangidwa ndi manja, koma mvula ikagwa imatchinjirizadi. Khamu limene limasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa August chaka ndi chaka pa mwambo wa Kulamba, lochokera m'maiko atatu, silikhala likuchita sewero lolembedwa mu 1968.

Komabe kumvetsera kokha nako kuli ndi msampha wake, ndipo Habermas anauonetsa potsutsana ndi Gadamer. Mwambo umasunga nzeru, koma umasunganso kuponderezana, ndipo womvetsera mwaulemu kwambiri akhoza kumaliza akugwadira chikwapu. Amalawi amene anakhala m'nthawi ya Kamuzu Banda akudziwa mmene mawu akuti chikhalidwe anagwirira ntchito yotseka pakamwa: lamulo la mu 1973 loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndiponso amayi otengedwa m'midzi kukavina pamisonkhano ya chipani. Paulin Hountondji wa ku Benin, amene anaphunzira ku Paris ndipo anazama m'maganizo a Edmund Husserl, anachenjeza za msampha wina wofanana nawo. Potsutsa buku la mu 1945 la mmishoni Placide Tempels lonena za filosofi ya Abantu, iye anati kunena kuti mtundu wonse uli ndi maganizo amodzi n'kuulanda ufulu wotsutsana wokhawokha. Didier Kaphagawani, amene anaphunzitsa filosofi ku Chancellor College ku Zomba, anayesa mfundo za Tempels ndi za ena pa mawu a Chichewa akuti munthu, n'kuona pamene zikukwana ndi pamene zikulephera. Ameneyo anali kumvetsera chilankhulo chake ndi khutu limodzi, kwina akukayikira omasulira ake ndi khutu linalo.

Patsala chitsutso chimodzi cholemera, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Hegel, kholo lalikulu la afilosofi onsewa, anaphunzitsa ku Berlin kuti Africa ilibe gawo m'mbiri ya dziko lapansi. Adorno ananyoza nyimbo za jazz, zimene anthu akuda a ku America anazibala m'masautso awo. Munthu angafunse chifukwa chake mwana wa Africa ayenera kudya m'mbale ya anthu otere. Yankho labwino analipereka Fanon m'buku lake la mu 1952. Hegel anali atalemba mu 1807 za mbuye ndi kapolo, kuti mbuye amafuna kapolo amuvomereze kuti ndi mbuye, ndipo mwa njira imeneyi awiriwo amadalirana. Fanon, mdzukulu wa akapolo a ku Martinique, anawerenga zimenezi mosamala n'kuyankha kuti mbuye wa m'minda ya atsamunda sankasamala za kuvomerezedwa ndi kapolo. Ankangofuna thukuta lake. Fanon sanataye Hegel, ndiponso sanamugwadire. Anamuwerenga mpaka anapeza pamene mfundo yake imathyokera, ndipo pothyokapo ndi pamene panatuluka nzeru yatsopano imene ophunzira a ku Cape Town anainyamula patapita zaka zoposa 60. Wokana kuwerenga sakanatha kupeza malo amenewo.

Choncho wophunzira wa ku Zomba, Lusaka kapena Maputo amene wapatsidwa mabuku a Foucault ndi Said asawaope ndipo asawapembedze. Akakumana ndi mwambo, lamulo, nyimbo kapena mawu a katswiri, afunse ndithu kuti akupindula ndani. Akatero afunsenso ngati zonenedwazo n'zoona, ndipo umboni wake uli kuti. Pomaliza akhale pansi amve chimene eni ake amati chinthucho chimatanthauza kwa iwo, m'chilankhulo chawo, asanawauze chimene iye akuganiza kuti akubisa. Wofunsa funso loyamba lokha amasanduka munthu wosakhulupirira chilichonse, ndipo munthu wotero sachedwa kugwa m'manja mwa wabodza woyamba amene wamuuza kuti onse akumunamiza. Wofunsa lomaliza lokha amasanduka mlonda wa chilichonse chakale, chabwino ndi choipa chomwe.

Kalumo kali ndi malo ake pamudzi. Pakagwa maliro, tsiku la kumeta limafika, ndipo tsitsi lakale liyenera kugwa kuti moyo upitirire. Koma amene amapatsidwa kalumo tsiku limenelo ndi munthu wodziwa mutu umene akumeta, wodziwa pamene pali chipsera ndi pamene pali chotupa. Mlendo anabweretsa kalumo, ndipo ayamikidwe. Kudziwa mutuwo ndi ntchito ya eni mudzi, ndipo ntchito imeneyo imayamba ndi kumvetsera.